Setilaiti imaona moto, koma wogwira machesi siimuona

Pepani kwambiri achimwene a ku Tsangano. Mwati mapesi amene munasiya m'munda kuti aphimbe nthaka apsa onse, pamodzi ndi mitengo yanu ya bulugamu, oyandikana nawo munda akukana kuti si iwo, ndiye mukufunsa ngati setilaiti ingakupatseni umboni wokatula kubwalo la amfumu. Ine ntchito yanga ndi ya mapu. Setilaiti ingakuuzeni tsiku limene moto unayaka ndi dera limene unadutsa. Dzina la munthu ayi.

Makina amene ali kumwambako amamva kutentha, sajambula nkhope. A NASA, bungwe la ku America loona za mumlengalenga, ali ndi tsamba laulere lotchedwa FIRMS, limatseguka ndi pafoni pomwe bola muli ndi mamega. Pamapu ake pamaoneka timadontho tofiira, kalikonse ndi malo amene makina anamva moto setilaiti ikudutsa, ndipo kamafika patsambalo patangotha maola ngati atatu. Makina akale otchedwa MODIS, amene ali pa setilaiti ya Terra ya mu 1999 ndi ya Aqua ya mu 2002, kadontho kawo kamodzi kamaimira kilomita imodzi mbali zonse, ndiwo mahekitala 100. Makina atsopano otchedwa VIIRS amaona bwinoko, mamita 375, pafupifupi mahekitala 14. Tsono taganizani minda ya kwathu kuno, ya hekitala imodzi kapena awiri, yogundana malire. M'kadontho kamodzi mwalowa munda wanu, wa apongozi anu, wa amene mukuwaganizirawo, mwinanso ndi manda omwe. Kuwonjezera apo, kadonthoko kamaikidwa pakati pa dera lonselo, osati pamene moto unayambira. Wina akadzaloza kadontho kali pamunda wa uje n'kunena kuti wawotcha ndi ameneyu, musamumvere.

Vuto lina ndi nthawi. VIIRS imadutsa pamwamba pathu cha m'ma 1 koloko masana, kenako cha m'ma 1 usiku. Nanga ife pososa timayatsa nthawi yanji? Dzuwa likapendeka, titaunjika mapesi milumilu. Moto wa mapesi suchedwa, walilima pang'ono wathima, setilaiti ikamabwera usiku ipeza phulusa lozizira. Ku India, m'chigawo cha Punjab kumene amawotcha ziputu za mpunga mu Okutobala ndi Novembala, akatswiri anaona kuti moto wambiri unayamba kuyatsidwa madzulo setilaiti zitadutsa kale, timadontho n'kuchepa pamene utsi sunachepe. Ife sitizembera setilaiti, n'chizolowezi chabe, koma mapeto ake ndi omwewo: moto wambiri wa m'minda suwerengedwa. Mitambo nayo imaphimba. Ndipo makinawa sasiyanitsa moto wa mlimi, wa anyamata okumba mbewa, wa alenje, kapena wa munthu wofuna msipu wanthete wa ng'ombe zake.

Komabe nkhani yanu siyotaya nayo mtima. Moto umene wanyeketsa mitengo ndi waukulu, umakhalitsa, ndiye n'kutheka kuti unagwidwa. Pa FIRMS sankhani tsikulo, yandikitsani mapu pamudzi wanu, dinani kadontho muone nthawi. Nthawiyo imalembedwa mu UTC, nthawi yoyendera dziko lonse lapansi, muwonjezerepo maola awiri kuti ikhale ya kuno ku Mozambique. Anthu ambiri amasokonezeka pomwepa n'kuyamba kukangana za ola lolakwika.

Chimene ndimachidalira kwambiri ine ndi Sentinel-2, setilaiti ya ku Ulaya. Iyoyo siyisaka malawi, imajambula nthaka pafupifupi masiku asanu alionse, ndipo imasiyanitsa zinthu zotalikirana mamita 10 mpaka 20. Zithunzi zake n'zaulere pa Copernicus Browser. Mukatenga chithunzi cha moto usanachitike ndi china cha pambuyo pake, lupsa limaoneka lakuda bii, malire ake oonekeratu. Kawirikawiri lupsa limakhala lopyapyala kumene moto unachokera n'kumatambasuka kumene mphepo imaloza, ndipo limaduka pamtsinje kapena pamsewu. Chithunzicho mukachiphatikiza ndi maso a akuluakulu amene akayende pamalopo kuona mbali imene makungwa a mitengo anawauka kwambiri, mungadziwe kuti moto unalowera mbali iti. Koma kudziwa kuti unachokera kumunda wa uje sikutanthauza kuti anayatsa ndi mwini munda. Mwana wofuna mbewa safunsa kuti munda ndi wa yani. Fulumirani kukaona, chifukwa phulusa limauluka, ng'ombe zimaponda, mvula yoyamba ikagwa lupsa lonse labiriwira.

Kumene ndimaona kuti zithunzizi zingagwire ntchito yeniyeni ndi kwa alangizi a ku SDAE (ofesi ya boma yoona za ulimi ndi zachuma) ndi mafumu. Timadontho ta MODIS tinasungidwa kuyambira mu 2000. Mukatisanjikiza chaka ndi chaka, mumaona madera amene amapsa nthawi zonse kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, kaya ku Angónia, ku Macanga kapena kwanu komweko. Madera amenewo ndiye oitanira msonkhano mu Julayi udzu usanaumitsitse, osati kudikira kuti tidzalipitsane mbuzi zinthu zitapsa kale.

Munachita bwino kusiya mapesi. Amene amati phulusa ndi feteleza amanena zoona pang'ono pokha: potashi amatsaladi, koma nayitulojeni, yemwe timamugula modula m'thumba la yuriya, amapita ndi utsi. Owotchawo nawo sindiwanyoza, amaopa chiswe ndi mbewa, komanso kuunga mizere ndi khasu pamapesi osawola n'kowawa msana. Chaka chamawa mudzalambule mpata wotakata kuzungulira munda ndi mitengoyo, mudzagwirizane ndi anansi tsiku lowotcha amene akufuna kuwotcha.

Nditumizireni kumbali tsiku lenileni ndi malo a munda wanu pa Google Maps, ndikuyang'anireni zithunzi zonse ziwiri madzulo ano.