Motorhome yanu isagone ndi madzi m'chisanu cha ku Britain

Funso: Amisiri, ndimakhala ku Leeds. Chaka chino ine ndi mayi akunyumba tinagula motorhome yakale, galimoto ija yokhala ndi pogona, pophikira ndi bafa m'kati. Tikufuna kuiimika pakhomo kuyambira Novembala mpaka Malichi. Mnzanga akuti ndingoikiya n'kuifunditsa lona basi. Kodi n'zokwanira?

Yankho: Ayi bambo, sizokwanira, ndipo lonayo ndi amene angakuwonongereni galimoto. Koma tiyambe ndi madzi, chifukwa ndi amene amaliza anthu ambiri chisanu chikatha.

Ife amene tinakulira kwathu tinazolowera kuti madzi akakhala mu paipi ndiye kuti akhala. Kuno si choncho. Madzi akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 aliwonse, ndipo mapaipi a mu motorhome ndi a pulasitiki, opyapyala, oyenda mphepete mwa khoma lozizira. Usiku umodzi wa chisanu choopsa ndi wokwanira kung'amba mpopi, pampu kapena giza. Choipa chake n'chakuti simudziwa tsiku lomwelo. Mumadzazindikira mu Malichi mutadzaza thanki, madzi akutuluka pansi pa kabati.

Choncho imikani galimoto pamalo osapendekeka, zimitsani pampu, ndipo tsegulani potulutsira madzi pa thanki ya madzi akumwa ndi ya madzi akuda ochokera mu sinki ndi m'bafa. Tsegulani mipopi yonse. Mpopi wosakaniza madzi otentha ndi ozizira muusiye chogwirira chake chili pakati, kuti mbali zonse ziwiri zikhetse. Mutu wa shawa muuchotse, paipi yake ilendewere pansi. Kenako giza: ili ndi valavu yakeyake, nthawi zambiri pansi pafupi nayo. Zina za kampani ya Truma zili ndi valavu yodzitsegukira yokha kukazizira kufika pa 3°C, komabe musaidalire, itseguleni ndi dzanja lanu. Madzi akasiya kutuluka, yatsani pampu kwa masekondi ochepa kuti ilavule otsalira. Ine ndimakonda kuyendetsako galimoto pang'ono mavalavu ali chitsegukire, kuti madzi obisala m'makona a mapaipi agwedezeke atuluke. Mipopiyo ikhale yotsegula mpaka chisanu chithe.

Chimbudzi nacho chili ndi madzi. Khuthulani kaseti (kathanki kochotseka kosungira zonyansa), itsukeni, khetsani thanki yogejemulira ngati ili payokha, ndipo pakani mafuta a silicone pa labala wa pakamwa pake kuti asamatirire.

Apa ndikupemphani ndi mtima wonse: musathire antifreeze wa mu injini (mankhwala oletsa madzi kuundana) m'mapaipi a madzi akumwa. Muli ethylene glycol, poizoni wakupha, ndipo ana anu adzamwa pa mipopi yomweyo. Komanso ngati chotenthetsera m'kati ndi cha kampani ya Alde, madzi a m'mapaipi ake otenthetsera ndi osakaniza kale ndi glycol. Amenewo musawakhetse, khetsani giza yokha.

Tsopano lona uja. Lona wa pulasitiki amatsekera chinyezi m'kati, ndiye chuku chimamera pa matiresi ndi makatani, kwinaku mphepo ikumukwecheza pa penti ndi mawindo. Gulani chofunditsa chopangidwira motorhome chimene chimalola mpweya kudutsa, apo ayi isiyeni yosafunda. M'kati imikani makushoni, tsegulani makabati, chitseko cha firiji chikhale chotsegula pang'ono, ndipo musatseke timabowo tolowera mpweya. Chakudya chonse chituluke, ngakhale paketi ya shuga, chifukwa mbewa zikalowa sizithera pa chakudya, zimatafunanso mawaya.

Funso: Nanga batire ndi gasi? Ndiziliza injini sabata iliyonse?

Yankho: Muli ndi mabatire awiri, ya injini ndi yoyatsira za m'kati. Batire ya asidi imatha yokha pang'onopang'ono ngakhale osaigwiritsa ntchito, ndipo alamu imaidyanso. Yodzaza imawerenga pafupifupi 12.7V. Ikafika pa 12.2V yatsala theka, ndipo ikakhalitsa pamenepo kapena kutsikirapo imayamba kuwonongeka m'kati osadzabwereranso mwakale. Batire yophwa imaundananso msanga kuposa yodzaza. Popeza galimoto ili pakhomo, lumikizani tchaja yosiya yokha kutchaja batire ikadzaza, kapena chotsani batire ya m'kati muziitchaja m'galaja kamodzi pamwezi. Ngati ndi ya lithium, musaitchaje kukazizira mpaka kutsika pansi pa 0°C, pokhapokha ili ndi chotenthetsera chake.

Kuliza injini mphindi zisanu galimoto ili chiimire sikuthandiza. Batire sipeza nthawi yokwanira yoti idzaze, ndipo injini yosatentha bwino imasiya chinyezi mu ekizozi. Ndi bwino kuiyendetsa theka la ola kamodzi pamwezi. Zimathandizanso matayala kuti asaphwatalale mbali imene yatsamira pansi. Koma kumbukirani kuti ngati mwachita SORN ku DVLA (kulengeza ku ofesi ya boma yolembetsa magalimoto kuti galimoto siyenda pamsewu) kuti musalipire msonkho wa pamsewu, galimotoyo siyenera kuyenda kapena kuima pamsewu wa boma. Zikatero muziisuntha pang'ono pabwalo lanu pomwepo.

Thanki ya dizilo idzazeni, kuti musakhale mpata woti chinyezi chizisanduka madzi. Handibuleki musaikoke miyezi yonseyi, mabuleki amagwirana ndi dzimbiri. Ikani mu giya, n'kutsekera matayala ndi zopinga.

Gasi tsekani pa silinda penipeni. Ndipo ngati mudzafuna kutuluka nayo pa Khrisimasi, onani mtundu wa silinda: ya kampani ya Calor yabuluu ndi butane, imene imaleka kutulutsa gasi kukazizira kufika cha pa 0°C, pomwe yofiira ndi propane, imene imagwirabe ntchito mpaka cha pa -42°C. Mukabwerako ku ulendowo, khetsaninso madzi onse tsiku lomwelo musanalowe m'nyumba.