Kodi ndimuchotse zikhadabo mphaka wanga?

FUNSO: Akonzi, ndimakhala ku Mufakose, mumzinda wa Harare, ndipo ndinatenga mphaka chifukwa cha makoswe amene ankatithera ufa m'nyumba. Makoswewo anathadi, koma tsopano mphakayo wakala sofa yanga yatsopano, imene ndinagula ku Glen View, mpaka siponji ya m'kati ikuonekera. Mwana wanga amene ali ku America akuti kumeneko madokotala ena a ziweto amachotseratu amphaka zikhadabo. Kodi ndingachite zimenezi? — Mayi wodandaula, Mufakose

YANKHO: Mayi, pepani chifukwa cha sofa yanu, koma musatero ayi. Anthu ambiri akamva za opaleshoni imeneyi amaganiza kuti ili ngati kuwenga zikhadabo, pamene zoona zake n'zakuti chikhadabo cha mphaka chimamera kuchokera pa fupa lomaliza la chala, ndipo kuti chisamerenso dokotala amayenera kudula fupa lonselo. Yang'anani dzanja lanu, muganizire chala chilichonse chitadulidwa pa mfundo ya kunsonga. Ku miyendo yakutsogolo kokha mphaka ali ndi zala khumi.

Komanso mphaka amayendera zala, osati phazi lonse monga ife, choncho akadulidwa kapondedwe kake kamasintha. Ena amatsimphina kapena kumva ululu kwa nthawi yaitali, ena amasiya kudzithandizira pamalo awo chifukwa kufukula dothi kumawapweteka, ndipo ena amayamba kuluma popeza chodzitetezera chimene chawatsalira ndi mano okha. Zimene wanena mwana wanu n'zoona, koma ngakhale ku America komweko zinthu zikusintha: boma la chigawo cha New York linaletsa mchitidwewu mu 2019, ndipo Maryland inatsatira mu 2022. Ku Britain ndi m'mayiko ambiri a ku Ulaya ndi woletsedwa, pokhapokha ngati chalacho chili ndi matenda monga chotupa.

Kuno ku Harare nkhaniyi ndi yoopsa kwambiri, chifukwa amphaka athu sakhala otsekeredwa m'nyumba. Galu wa aneba akamuthamangitsa, mphaka amapulumukira pa mpanda kapena mumtengo wa mango, ndipo amakwera ndi zikhadabo zomwezo zimene anakugwirirani nazo makoswe.

Kukala sikuti ndi mwano. Mphaka amatero pofundula chikamba chakale cha zikhadabo, podziongola, ndiponso posiya fungo lake pamalo. Mupezereni pena pokala. Tengani mtengo wautali pafupifupi mita imodzi, muukulunge ndi chingwe cha khonje, muukhomere pa thabwa lolemera kuti usagwedere, ndipo muuimike pafupi ndi mbali ya sofa imene amaikondayo, yomwe muyenera kuiphimba kaye ndi pulasitiki wolimba. Pakatha milungu iwiri kapena itatu iliyonse, finyani chala pang'ono kuti chikhadabo chituluke, muwenge kansonga kokha, osafika pamene pakuoneka kufiirira, chifukwa pamenepo pali mitsempha ndi magazi. Ngati mukuopa, dokotala wa ziweto kapena a SPCA, bungwe loteteza nyama ku nkhanza, angakusonyezeni kagwiridwe kake.