Mafunso Anu: Chimakoka Anthu kwa Chembe N'chiyani?

Makalata ambiri mwezi uno akufunsa za malo amodzi: paki ya Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, komwe eni dera amangoti kwa Chembe. Tasankhapo asanu.

Anzanga a kuntchito sasiya kukamba za Cape Maclear. Ine ku Senga Bay ndapitako kangapo, ndipo ndimati nyanja ndi nyanja basi. Kwa Chembe kuli chiyani chimene kulibe kwina?
*Bambo wa ku Area 25, Lilongwe*

Bambo, madzi ndi omwewo, koma mukafika mudzaona kusiyana tsiku loyamba lomwelo, dzuwa likamalowa. Magombe ambiri a kuno kwathu, kuphatikizapo Senga Bay, anayang'ana kum'mawa, ndiye dzuwa limatuluka m'madzi n'kukalowa kumtunda. Gombe la Chembe linapenya chakumadzulo. Dzuwa limamira m'nyanja cha kumbali ya chilumba cha Thumbi, madzi onse psuu, mabwato a asodzi a usipa akunyamuka ndi nyali zawo. Kukada, nyalizo zimandanda pamadzi ngati tauni yoyandama.

Chachiwiri ndi nsomba. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980 makamaka pofuna kuteteza nsomba, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Chifukwa chake ndi mbuna, tinsomba ta m'miyala tamitundu mazanamazana, tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, tomwe pafupifupi tonse sitipezeka kwina kulikonse. Mbuna siikonda kuwoloka malo a mchenga okhaokha, imakakamira pamiyala yake pomwe imapala ndere. N'chifukwa chake mbuna za pa Thumbi zina zimasiyana maonekedwe ndi za pa chilumba china chomwe mukuchiona ndi maso. Mukayang'anitsitsa mudzaona ina itatupa kukhosi, siikudya, ikungobisala pamng'alu wa mwala. Imeneyo ndi yaikazi yomwe yafungatira mazira m'kamwa, ndipo imakhala choncho pafupifupi milungu itatu mpaka ana atakhwima.

Koma ife tikuona kuti chimene chimabwezera anthu kumeneko kawiri katatu ndi chakuti paki ndi mudzi zili pamodzi. Chembe ndi mudzi waukulu wa asodzi wozunguliridwa ndi paki, monganso Msaka ndi Mvunguti. Gombe silinatchingidwe ndi mipanda. M'mawa amayi akutsuka mbale ndi kuchapa, anyamata akusoka maukonde pamthunzi, usipa uli mbee pamathandala, ana akudumphira m'madzi kuchokera pabwato. Mlendo amayenda pakati pa zonsezi n'kumapatsidwa moni. Amene akufuna bata lokhalokha la kuhotela mwina sangakondwe nazo, koma wokonda anthu sachedwa kumva ngati wafika kwawo.

Tikufuna kupita ndi banja, ana atatu, pa galimoto yaing'ono. Tidzere kuti, ndipo tikaone chiyani pa masiku awiri?
*Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre*

Mayi, kuchokera ku Blantyre dzerani ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi, kenako mulunjike ku Monkey Bay. Mutatsala pang'ono kulowa m'tauni ya Monkey Bay pali mphambano yokhotera kumanzere, ndipo kuchokera pamenepo ndi makilomita pafupifupi 18 odutsa m'mapiri. Msewu wake ndi wokhotakhota, anyani amakhala pakati pa msewu, njinga zamoto za kabaza zimatulukira pangodya mosayembekezeka. Muyesetse kudutsapo kukuwala. Mafuta thirirani ku Mangochi kapena ku Monkey Bay, ndalama za m'manja mutengeretu, ndipo akuluakulu asaiwale chiphaso cha unzika chifukwa Amalawi amalipira ndalama yocheperapo kusiyana ndi alendo akunja polowa m'paki.

Panjira imani pa Mwala wa Mphini, thanthwe lomwe lili ndi mizere yonga mphini zotemedwa pankhope. Sanaiseme munthu, ndi mmene mwalawo unaperesekera ndi nyengo.

Tsiku loyamba pitani kumapeto kwa mudzi, komwe kuli chipata cha paki. Kumeneko kuli kanyumba kosungira mbiri ya nyanja ndi nsomba, mlambe waukulu, ndi manda a amishoni. Anawo muwauze kuti Livingstonia yoyamba inali pano: amishoni a ku Scotland, mmodzi mwa iwo Dr Robert Laws, anafika mu 1875, koma malungo atawathera anzawo anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako ku Khondowe mu 1894. Dzina la Cape Maclear anapereka ndi David Livingstone polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi. Kuchokera apo yendani wapansi mpaka ku Otter Point, komwe mbuna zimaoneka ngakhale mutangoima pamwala. Miyala ya m'madzi imaterera ndi ndere, ndiye ana avale nsapato zomanga, osati patapata. Chakudya musachisiye poyera, anyani a kumeneko saopa munthu.

Tsiku lachiwiri likhale la boti lopita ku Thumbi, mtunda wa kilomita imodzi kapena kupitirira pang'ono. Nyamukani m'mawa.

Amati nyanja ya kumeneko imasintha mwadzidzidzi. Nyengo yabwino ndi iti, ndipo boti labwino ndingalidziwe bwanji?
*Mphunzitsi wa ku Dedza*

Aphunzitsi, mphepo ziwiri ndi zomwe muyenera kuzidziwa. Mwera umachokera kummwera chakum'mawa m'nyengo yozizira, makamaka June mpaka August. Mapiri a kumbuyo kwa mudzi amautchinga, ndiye pagombe pamaoneka bata. Apa ndi pomwe alendo amanyengeka. Mukangotuluka kuseri kwa chilumba cha Domwe, kapena kulunjika ku chilumba cha Mumbo komwe ndi makilomita pafupifupi 10, mumakumana ndi mafunde ena ndithu. Mpoto umachokera kumpoto cha m'nyengo ya mvula, ndipo umenewu umamenya gombe la Chembe mwachindunji n'kuvundula madzi. Madzi oyera bwino oonera nsomba amapezeka kwambiri kuyambira September mpaka mvula isanagwe, ngakhale kutentha kwa October kumeneko si kwamasewera.

Za boti, gwirizanani zonse musanakwere: mtengo, malo omwe mukafike, nthawi yobwerera, ngati chakudya ndi ndalama yolowera m'paki zili momwemo. Mikangano yambiri imabuka pobwerera chifukwa chakuti chimodzi mwa izi sichinatchulidwe. Werengani majekete oyandamitsa munthu, aliyense akhale ndi yake, ndipo ya mwana ikhale yomukwana. Yamkulu imavuka mwana akagwera m'madzi. Muonenso kuti muli nkhafi zopalasira injini ikazima. Mwini boti akanena kuti lero nyanja siili bwino, musamukakamize ndi ndalama.

Galasi loonera pansi pa madzi liyeseni muli kumtunda: liikeni kunkhope osamanga lamba, kokani mpweya ndi mphuno. Likamatirira ndiye kuti lakukwanani, likagwa lidzalowa madzi. Kuti lisachite nthunzi, pakani malovu mkati n'kutsukuluza pang'ono.

Mlamu wanga akuti aliyense wosamba kwa Chembe amatenga likodzo. Ndi zoona? Tingadziteteze bwanji?
*Mayi wa ku Kasungu*

Mayi, si aliyense, koma alamu anuwo sakunama kuti likodzo liliko, ndipo nkhaniyi sitingaichepetse.

Limayenda chonchi. Munthu wodwala akakodza m'madzi, mazira a tinyongolotsi amaswa n'kulowa mu nkhono zing'onozing'ono za m'madzi. Pakatha milungu ingapo nkhonozo zimatulutsa tizilombo tosaoneka ndi maso, tomwe timaboola khungu la munthu amene akusamba, kuchapa kapena kungoponda m'madzi. Simufunika kumwa madziwo kuti mudwale. Choncho malo oopsa kwambiri ndi osaya, odekha, a mabango ndi zomera, pafupi ndi pomwe anthu ambiri amasamba. Kumiyala ya kuzilumba, komwe madzi ndi akuya ndipo mafunde amamenya, chiopsezo n'chochepa, koma sitinganene kuti kulibiretu. Akatswiri omwe anafufuza dera lomweli anapeza kuti nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha kuwedza kopyola muyeso m'mbali mwa gombe, nkhono zinachuluka ndipo likodzo linakwera. Lamulo loletsa kuwedza pafupi ndi gombe la paki likutetezanso thanzi la ana a m'mudzimo.

Kudzipukuta msanga ndi thaulo sikokwanira. Madzi osamba otungidwa m'nyanja muwawiritse, kapena akhale m'ndowa masiku awiri, tizilomboto timafa tokha. Funsaninso pamalo ogona ngati madzi a kubafa amapopedwa m'nyanja.

Cholakwika chomwe ambiri amachita ndi kugula mankhwala a likodzo a praziquantel n'kumwa tsiku lobwerera. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zokhwima, tating'ono tongolowa kumene sitifa. Dikirani milungu 6 mpaka 8 kuchokera tsiku lomaliza kukhudza madzi, kenako mupite kuchipatala. Mlingo amawerengera kulemera kwa thupi, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse, kotero munthu wa makilogalamu 60 amamwa mapiritsi anayi a mamiligalamu 600. Ana ayezedwe pasikelo, musawapatse mongoyerekeza. Mumwe mutadya, chifukwa ena amachita nseru ndi chizungulire. Mukaona magazi kumapeto kwa mkodzo, kupweteka pokodza, kapena kutentha thupi patapita milungu ingapo koma poyeza malungo osapezeka, uzani adokotala kuti munasamba m'nyanja. Kwa amayi likodzo limatha kukhudza njira ya chiberekero n'kumaoneka ngati matenda opatsirana pogonana, ndiye kutchula za ulendowo kumathandiza kuti mupatsidwe mankhwala oyenera. Ena alibe chizindikiro chilichonse koma ali nalo.

Neti ya udzudzu musaisiye. Malungo omwe anasamutsa amishoni aja adakalipo.

Ndimakonda kuwedza ndi mbedza. Kodi ndingaponye pa Otter Point? Nanga kuponyera nsomba buledi n'kulakwa?
*Mnyamata wa ku Balaka*

Achimwene, pa Otter Point ayi. Madzi onse a mamita 100 kuchokera pagombe la paki ndi la zilumba zake ndi otetezedwa, ndipo kuwedza mmenemo n'kuphwanya lamulo, kaya ndi ukonde kaya ndi mbedza. Kutenga mbuna m'botolo kuti mukawete kunyumba n'koletsedwanso. Ngati mukufuna kuwedza, gwirizanani ndi msodzi wa m'mudzi akutengereni kunja kwa malire, komwe mungayese mwayi wa kampango.

Buledi ambiri amaponya kuti nsomba ziunjikane pojambula, koma ife sitilimbikitsa. Matumbo a mbuna zambiri ndi aatali, opangidwira ndere, ndipo nsomba zozolowera kupatsidwa zimasiya miyala yake n'kumathamangira boti lililonse. Kuti muzione bwino, yandamani chafufumimba pamwamba pa miyala pomwe madzi akufika m'chiuno kapena m'chifuwa, manja ali phee, osamenya madzi ndi miyendo. Pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu zimabwerera pa ntchito yawo yopala ndere, yaimuna ikuthamangitsa inzake pakamwala kake, zina zikudutsa pafupi ndi galasi lanu.