B450 Tomahawk kapena B550M, nditenge iti pa Ryzen 5 5600?

Funso: Bwana mwaswera bwanji. Ndili ndi desktop ya Dell OptiPlex, i5 ya 4th gen, RAM 8GB ndi graphics card ya GTX 1650, ndimapangirapo ma video a maukwati ndi ma poster koma pano ikumangoima pakati pa ntchito. Msuweni wanga ali ku Joni wandigulira kale CPU ya Ryzen 5 5600 nde wapeza ma motherboard awiri, MSI B450 Tomahawk Max ya munthu yemwe waigwiritsapo kale ntchito, ndi MSI B550M PRO-VDH WIFI yatsopano mu bokosi. Tomahawk ndiyotchipirako pang'ono ndipo anzanga akuti ndi dzina, ndiyolimba. Akubwera pa basi kumapeto kwa mwezi, ndimuuze iti?

Yankho: Ndaswera achimwene. Muuzeni atenge B550M. Koma musanamuyimbire werengani kaye mpaka pansi chifukwa pali zinthu zina zoti akugulireni komweko, apo bii bodi (motherboard) ifika kuno nkumangokhala pa tebulo.

Dell yanuyo sitenga bodi iliyonse mwa awiriwa mosavuta. Ma OptiPlex a nthawi imeneyo power supply yake ili ndi pulagi yawoyawo ya mapini 8, pomwe ma bodi a MSI awa amafuna ya mapini 24 kuphatikizapo ina ya CPU. Mawaya a batani loyatsira ndi ma USB a kutsogolo nawonso ndi a Dell okhaokha, ndipo ngati kesi yanu ndi yopyapyala ija ya SFF ndiye musavutike nkomwe kuyesa. Ma adapter alipo inde koma ine sindingayike CPU yatsopano pa power supply yomwe yagwira ntchito zaka zonsezi ndi magetsi athu ozimazimawa. Pezani kesi wamba ndi power supply ya dzina ya 500W kapena 550W, osati zija zopepuka ngati mulibe kanthu mkati zomwe amangomata sitika ya 650W. RAM nayo sisamuka, ya mu Dell ndi DDR3, apa pakufunika DDR4, mpata wake ndi wosiyana moti singalowe olo mukakamize. Zomwe mungasamutse ndi GTX 1650 ndi hard drive kapena SSD basi. Ngati card yo ili ndi kachitsulo kakafupi kakumbuyo fufuzani katali kake, kesi wamba imafuna katali.

Tsopano ma bodi. Anzanuwo sakunama, Tomahawk inatchuka pa chifukwa, mbali yopatsa CPU magetsi ija timati VRM ndiyabwino ndipo ili ndi heatsink yaikulu, anthu ankayikapo ma Ryzen 7 ndi Ryzen 9 osadandaula. Koma 5600 ndi ya 65W, siifuna zonsezo, pa B550M ikhala bwinobwino olo mutapanga render usiku onse. Nde mphamvu ya Tomahawk ija inu simuigwiritsa ntchito, mungolipira dzina.

B450 inatuluka 2018, B550 inatuluka 2020, ndipo chomwe ogulitsa amakonda kukuwa pa B550 ndi PCIe 4.0, njira yothamangirapo yomwe graphics card ndi SSD zimalumikizirana ndi CPU. Apa ndisakunamizeni, pa GTX 1650 simuona kusintha kulikonse chifukwa card yo ndi ya PCIe 3.0. Pomwe zimaoneka ndi pa SSD ya NVMe, yaying'ono ija yolowa pa bodi penipeni, ya 3.0 imathera cha m'ma 3500 MB pa sekondi, ya 4.0 yabwino imafika cha m'ma 7000, komabe poyatsa Windows kapena kutsegula Photoshop diso silisiyanitsa, zimamveka pokhapokha mukukopera ma file akuluakulu. Kwa ena amene akuwerenga, ngati CPU yanu ndi 5500 kapena 5600G iwalani za 4.0 zi, ma CPU amenewo amathera pa 3.0 olo muwayike pa B550. Ndipo amene ali ndi Ryzen yakale ngati 2600 asagule B550, AMD sinayiike pa mndandanda wa zomwe bodi yo imalandira, iwo ndi a B450.

Chondipangitsa kunena B550M kwa inu ndi zinthu zing'onozing'ono zomwe muzikumana nazo tsiku lililonse. Ili ndi malo awiri a M.2 oyikamo ma SSD a NVMe aja, nde imodzi muyika Windows ndi mapulogalamu, inayo ma video a makasitomala, ntchito yanuyi imadya malo koopsa. Tomahawk ili ndi amodzi okha ndipo mukayikapo SSD mabowo awiri mwa 6 a SATA, olumikizira ma hard drive ndi ma SSD wamba, amasiya kugwira. B550M ili ndi Wi-Fi ndi Bluetooth mkati, ngati intaneti yanu ndi hotspot ya pafoni kapena MiFi ngati ambirife ndiye mwapulumuka ku tima dongle tija timangotentha nkumaduladula. Komanso ndi micro-ATX, 244 ndi 244 mm, imalowa mu kesi yaying'ono ndi yaikulu yomwe, pomwe Tomahawk ndi ATX yonse ya 305 mm, kesi zina zotchipa siimakwana.

Kenako nkhani ya BIOS, kapulogalamu ka mu bodi komwe kamazindikira CPU poyatsa. Tomahawk Max inatuluka 2019, 5600 inabwera 2022, nde ngati mwini wake sanapangepo update mukayatsa fani izungulira koma sikirini ikhala bii, inu nkumaganiza kuti mwagula yakufa. Mwayi wake ma bodi onsewa ali ndi kabatani kumbuyo kolembedwa Flash BIOS, mumatenga flash ya FAT32, kutsitsa BIOS pa website ya MSI, file yo kuisintha dzina kukhala MSI.ROM, kuiika pa flash yo nkuilowetsa pa bodi, kulumikiza mawaya awiri a magetsi aja nkudina, CPU siifunika nkomwe. Chonde izi muzipangira pa UPS kapena inverter, magetsi akazima pakati mumayambiranso mtima uli m'mwamba. Pa yatsopanoyo msuweni wanu ayang'ane pa bokosi ngati pali sitika yoti Ryzen 5000 Desktop Ready, ikakhalapo palibe chovutikira.

Bodi yogula kwa munthu ili ndi msampha wina womwe ndimauona kawirikawiri pa benchi panga, imabwera yopanda backplate, chitsulo chakuseri kwa socket chija. Munthu anachotsa poyika cooler yake nkuchitaya. Fani ya Wraith Stealth yomwe imabwera mu bokosi la 5600 imamangidwa ndi masikuluu pa chitsulo chimenecho, chikasowa mwakhala, ndipo kuchipeza m'mashopu a kuno ndi ntchito. Onjezani kuti simunaione ikuyaka, ndipo ikafika nkupezeka slot imodzi ya RAM ndiyakufa wogulitsayo ali ku Johannesburg inu muli kuno, mukamupeza kuti? Yatsopano ili ndi lisiti, olo kubweza kwake kuli kovuta koma poyambira palipo. Kukanakhala kuti kusiyana kwa mtengo kukukwana kugula RAM yonse bwenzi ndikuti ganizani kawiri, koma mwati ndi pang'ono.

Muuzeni msuweniyo asataye bokosi pofuna kuchepetsa katundu, mumakhala ma antenna awiri a Wi-Fi, kachitsulo kotseka kumbuyo ndi timasikuluu ta M.2. Bodi ndi CPU azinyamule m'chikwama cha m'manja osati kunsi kwa basi komwe amapondereza ndi zimakatundu. Pa AM4, socket ya ma bodi awiriwa, mapini ali pa CPU penipeni, amapindika msanga, isatuluke mu kapulasitiki kake mpaka tsiku loyika.

Funso: Zikomo bwana ndamva. Nanga RAM ndigule imodzi ya 16GB kuti ndidzawonjezere? Komanso Windows yanga ndingochotsa SSD mu Dell nkuyika mu yatsopano?

Yankho: Gulani ziwiri za 8GB za mu paketi imodzi, DDR4 3200, ngati thumba likulola ziwiri za 16GB poti ndinu wa ma video. Ryzen ikakhala ndi RAM imodzi imayenda mwendo umodzi. Muziyike pa slot yachiwiri ndi yachinayi kuchokera ku CPU, zalembedwa DIMMA2 ndi DIMMB2, mukatero mulowe mu BIOS muyatse A-XMP apo ayi izingoyenda pa liwiro lotsika ndalama mutalipira ya 3200. Malo awiri atsala oti mudzawonjezere.

Windows mwina iyaka mukangosamutsa SSD koma ine ndimakonda kuyika yatsopano, ma driver a Intel ndi a Dell otsalira aja amabweretsa timavuto tosamveka. Sungani kaye ntchito za makasitomala pa drive ina. License yomwe inabwera ndi Dell imamangidwa ku bodi ya Dell yo, siikutsatirani. Ndipo poti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ikani 11, 5600 imailandira, ikadandaula za TPM, chachitetezo chomwe Windows 11 imafuna, yatsani fTPM mu BIOS.

Chingwe cha monitor mulumikize pa GTX 1650, osati pa HDMI kapena VGA ya pa bodi. 5600 ilibe graphics mkati, mabowo amenewo amagwira ndi ma Ryzen othera ndi G okha. Zonse zikafika nditumizireni chithunzi cha sitika ya power supply musanayatse.