Tifunseni za makamera: waranti ilipo koma kamera inagulidwa ku Joni

FUNSO: Achimwene, ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Lilongwe. Kamera yanga ya DSLR, ija yosintha malenzi yokhala ndi kagalasi m'kati, anandigulira alamu anga ku Johannesburg miyezi inayi yapitayo, ndalama zake ndinachita kukongola ku banki m'khonde mpaka pano ndikubwezabe. Ndiye Loweruka lapitali tili pakati pa perekaniperekani, mkwatibwi akuvina anthu akuponya ndalama, kamera yangoti tcha kamodzi basi n'kuima, kagalasi ka m'kati kakwera osatsikanso. Ukwati ndinamalizira pa foni, manyazi ake osanena. M'bokosi muli kapepala kakuti waranti chaka chimodzi, ndapita nako pa shopu ina yazamagetsi m'tauni akuti sitinakugulitse ndife, zako izo. Pali mkulu wina wokonza mafoni pamsika akuti ndimupatse atsegule aone. Ndimupatse? Ndili ndi ukwati wina pakatha masabata atatu.
Wojambula, Area 25

YANKHO: Achimwene, musamupatse. Mkuluyo atha kukhala katswiri pa mafoni, sitikukana, koma akangomasula sikulu imodzi yokha waranti yanu yathera pomwepo, ndipo okonza a kampani amadziwa msanga kuti apa padutsa munthu, mitu ya timasikulu imakhala yakalika ndipo timalabala ta pambali sitimamatanso bwinobwino. Ndiye mudzapezeka kuti kamera sinakonzeke, waranti nayo yapita, banki m'khonde ikukudikirani.

Musanatumize kulikonse yesani kaye izi kunyumba. Tchajani batire yake yeniyeni ija inabwera m'bokosi mpaka idzadze, chifukwa batire yofooka kapena ya feki imatha kusiya kagalasi m'mwamba. Chotsani lenzi ndi memori khadi, pukutani timadontho tagolide tomwe lenzi imagundana ndi kamera ndi kansalu kouma, bwezerani muyatse mudinenso batani lojambulira. Ikakana apo ndiye kuti ndi shata (kachitseko kotsegukira kuwala pojambula) kapena kamota kokweza galasi, zimenezo si za pakhonde.

Tsopano a pashopu aja. Anakuyankhani mwamwano koma sanakunamizeni. Anthu ambiri timaganiza kuti waranti imatsata dzina lolembedwa pa kamera, kuti poti ndi kampani yodziwika ndiye kulikonse kogulitsa zinthu zawo akuyenera kundithandiza, ayi ndithu. Makampani akuluakuluwa, Canon, Nikon, Sony, waranti ya kamera amaipereka mwa chigawo, yogulidwa ku South Africa nkhani yake imakambidwa ku South Africa, yogulidwa ku America ndi ya ku America. Ndipo kapepala ka m'bokosi kaja pakokha sikalimba popanda risiti yoonetsa tsiku logula ndi dzina la shopu. Ndiye chinthu choyamba imbirani alamu anu afufuze risiti, aijambule lero lomwe akutumizireni pa WhatsApp, marisiti a pa tilu aja amafufutika, pakatha miyezi ingapo m'chikwama limasanduka pepala loyera.

Nkhani yabwino ndi yakuti miyezi inayi ikukukomerani. Ku South Africa kuli lamulo la Consumer Protection Act la 2008, ndipo gawo 56 limati katundu akapezeka ndi vuto pasanathe miyezi 6 chigulireni, wogula atha kumubweza kwa amene anamugulitsa, ndipo amene amasankha kuti akonzeredwe, apatsidwe wina kapena abwezeredwe ndalama ndi wogulayo, osati mwini shopu. Akakonza vuto lomwelo n'kubwereranso pasanathe miyezi 3, apo ayenera kusintha katunduyo kapena kubweza ndalama. Lamuloli ndi lapadera, silidalira kapepala ka kampani kaja. Koma silikuteteza munthu amene wagwetsa kamera, waithira Fanta, kapena wakatsegulitsa pamsika, mwaona chifukwa chake ndayamba n'kukuletsani. Mwatsala ndi miyezi iwiri, ndiye musazengereze, ndipo amene akaonekere pashopupo akhale alamu anuwo poti ndiwo anagula.

Muwafunsenso kuti anagula shopu yotani. Pali katundu amene amamutcha grey import, kamera yeniyeni ndithu osati feki, kungoti inalowa m'dzikomo osadzera kwa ejenti wovomerezeka wa kampani, mwina inapangidwira msika wa ku Hong Kong kapena Dubai. Imakhala yotchipirako, n'chifukwa chake timaithamangira. Yotereyi okonza a kampani amatha kuikana pa waranti, mumatsala ndi mwini shopu basi. Lamulo lomwe lija limauza ogulitsa kuti katundu wotere aziikapo chizindikiro chooneka, koma munthu ukamagula uli ndi chimwemwe cha mtengo wotsika sumawerenga timapepala. Yang'ananinso siriyo nambala ili pansi pa kamera ngati ikufanana ndi ya pabokosi ndi pa kapepala ka waranti.

Katumizidwe kake. Ulendo wa basi wodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge ndi wamasiku awiri, nthawi zina kuposa, ndiye kamera isaikidwe kunsi pamodzi ndi matumba a mpunga ndi usipa. Pezani munthu wodziwika ainyamule m'chikwama cha m'manja, kapena lipirani kampani yotumiza katundu yomwe imapereka nambala yolondolera. Ichotseni lenzi, lamba ndi memori khadi, tsekani pakamwa pake ndi chivindikiro chake. Ijambuleni ndi foni mbali zonse, pansi pomwe pali siriyo nambala, kuti mawa wina asadzanene kuti inabwera yosweka pakona. Lembani pa pepala m'Chingerezi chosavuta zomwe inachita, tsiku lake, komanso zomwe mwayesa. Ndipo isanatuluke m'dziko kafunseni ku MRA za kalembetsedwe ka katundu wopita kukakonzedwa, kuopa kuti pobwera angakuwerengereni msonkho ngati mwagula yatsopano. Alamu akakaisiya alandire job card yokhala ndi nambala, asachoke ndi mawu apakamwa okha akuti tikuimbirani.

Za ukwati wa masabata atatuwo, kunena mosapsatira, musawerengere kamerayi. Shopu iitumiza kwa okonza, okonza aiyeza, mwina adikira sipeya, kenako ulendo wobwerera. Lankhulani ndi ojambula anzanu mubwereke kapena muchite hayala bodi (kamera yopanda lenzi) yolowa malenzi anu, ndalama ya hayalayo muichotse pa dipoziti ya ukwatiwo.

Kwa ena amene munagula konkuno kwa shopu yokhala ndi risiti ndipo akukuzembani, inu nkhani yanu ndi ina, kuli bungwe la Competition and Fair Trading Commission lomwe limalandira madandaulo a ogula, kulinso a CAMA, bungwe loimira ogula. Koma nakonso funso loyamba lidzakhala lakuti risiti ili kuti.

FUNSO: Bambo a zamakamera, lenzi yanga yatuluka tinthu ngati ukonde wa kangaude m'kati mwa galasi, kupukuta kunja sikukuchoka. Sinathe chaka ndipo sindinaigwetsepo. Waranti ingandithandize?
Mayi wa ku Nkhata Bay

YANKHO: Pepani mayi, chimenecho ndi chuku, ndipo pafupifupi makampani onse amachiika m'gulu limodzi ndi madzi, mchenga ndi kugwetsa, amati ndi kasungidwe osati vuto la kufakitale. Kwanuko kunyanja nthawi yadzinja chinyontho n'chambiri, lenzi ikakhala m'chikwama chotseka mu wadirobu ya mdima kwa milungu ingapo chuku chimamera bwinobwino. Poti waranti apa siigwira, kukatsukitsa kwa munthu wodziwa malenzi n'kololeka, koma fulumirani chifukwa chikakhalitsa chimadya utoto wa pagalasi ndipo chipsera chake sichichoka ngakhale atsuke bwanji. Muisiyanitse ndi malenzi ena. Zotsalazo muzisunga m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino, muikemo timapaketi ta silica gel tija timapezeka m'mabokosi a nsapato, tikanyowa mumatiumitsanso. Chikwama chachikopa chija chisiyeni cha paulendo basi.

FUNSO: Akulu, ndinagula kamera yakale kwa munthu wochokera ku UK, akuti anaigwiritsa ntchito zaka zingapo. Zithunzi zikutuluka ndi timadontho takuda pakona imodzimodzi makamaka ndikajambula kumwamba. Waranti inatha kalekale, ndiye basi ndalama zanga zalowa m'madzi eti?
Mnyamata wa ku Zomba

YANKHO: Ikani mtima m'malo aise, nthawi zambiri limeneli ndi fumbi chabe pa sensa, kachipangizo ka m'kati kolandira chithunzi, ndi fumbi lathu la Okutobala lija palibe kamera yosintha malenzi imene imapulumuka. Yesani chonchi: chepetsani kabowo ka lenzi kolowera kuwala, ikani pa f/16 kapena f/22, jambulani khoma loyera kapena thambo, kenako sinthani lenzi mujambulenso. Madontho akakhala malo omwewo ndiye ali pa sensa. Mu menyu muli posankha kutsuka sensa, yambani ndi pamenepo, zikakana gulani kapampu ka labala kopopera mphepo, kamera muiyang'anitse pansi popopapo. Osauzira ndi pakamwa, osalowetsa thonje la m'makutu, ndinaonapo sensa itakalika ndi ngodya ya malaya, mwini wake amati amangofuna kuchotsa kadontho kamodzi.

Waranti ya kamera yogula kwa munthu musaiwerengere, kawirikawiri imakhala ya wogula woyamba. Koma pali china chomwe ambiri sadziwa. Kampani ikavomera kuti mtundu wina wa kamera unatuluka ndi vuto kufakitale imatulutsa chidziwitso chotchedwa service advisory, ndipo imakonza ulere ngakhale waranti itatha. Nikon D600 inatuluka mu 2012, eni ake anadandaula kwambiri za madontho obwerezabwereza pa sensa, mu 2013 kunabwera D610 ya shata ina, ndipo mu February 2014 kampaniyo inalengeza kuti itsuka ndi kusintha shata ya D600 ulere posayang'ana waranti. Chakumapeto kwa 2005 nakonso makampani angapo, kuphatikizapo Canon ndi Nikon, anakonza ulere makamera ang'onoang'ono omwe sensa zake za CCD zopangidwa ndi Sony zinkafa, makamaka kumadera otentha ndi achinyontho. Mapulogalamu otere amadzatsekedwa kamera ikakalamba sipeya n'kutha, ndiye musanyamuke musanafunse. Lowani pa webusaiti ya kampani ya kamera yanuyo, pa tsamba la support, lembani dzina la modelo ndi mawu akuti service advisory, ena amakhala ndi kabokosi kolowetsa siriyo nambala n'kukuuzani pompo ngati yanuyo ili m'gulumo. Mukatsuka madontho n'kubwereranso pakona yomweyo musanajambule zithunzi zambiri, mutilembere ndipo mutchule modelo yake.