Mafunso a Owerenga: Kodi mtsikana wochepa thupi angafike patali pa karate?

FUNSO: A Mkonzi, mwana wanga wamkazi wa zaka 13 wayamba kuphunzira karate, ndipo pakamwa pake sipachoka dzina la Serap Özçelik wa ku Turkey, yemwe amamuonera pa foni ya mkulu wake. Atate ake akukana, akuti mwanayu ndi wochepa thupi ndipo tsiku lina adzabwera kunyumba mano atagululuka. Kodi mayi ameneyu ndi katswiri weniweni, nanga mwanayu ndimulole apitirize? Ndine mayi wa ku Chilenje, Lusaka.

YANKHO: Mayi, mwana wanu wasankha bwino munthu womutsanzira. Serap Özçelik, amene atakwatiwa anawonjezera dzina lakuti Arapoğlu, anabadwira ku Istanbul mu 1988, ndipo anatchuka pa kumite, mbali ya karate imene anthu awiri amalimbana maso ndi maso. Chimene atate ake a mwana ayenera kumva choyamba n'chakuti mayiyu ankapikisana m'gulu la akazi osapitirira makilogalamu 50, lomwe ndi gulu la opepuka kwambiri pa magulu asanu a akazi. Ali ndi thupi lochepa lomwelo, anatenga mendulo ya golide pa mpikisano wa dziko lonse ku Bremen, m'dziko la Germany, mu 2014, ndipo chaka chotsatira anapambananso pa masewera a mayiko a ku Ulaya ku Baku. Mu 2018 anafikanso m'ndime yomaliza ya mpikisano wa dziko lonse ku Madrid, koma anagonja kwa Miho Miyahara wa ku Japan n'kubwerera ndi siliva. Ukatswiri wa dziko lonse anaupeza ali ndi zaka 26, choncho mwana wa zaka 13 asathamangitsidwe kapena kuweruzidwa ndi mpikisano wake woyamba.

Nkhawa ya atate ake si yachabe, ndipo musaipeputse. Komabe karate ya mpikisano imasiyana ndi nkhonya zimene tinazolowera kuona kwa Esther Phiri ndi Catherine Phiri, chifukwa kuno wopambana ndi amene wafika msanga pamalo oyenera n'kubweza dzanja kapena mwendo asanavulaze mnzake. Nkhonya yolunjika bwino imapatsa pointi imodzi, kumenya ndi mwendo pathupi kumapatsa mapointi awiri, pomwe mwendo ukafika kumutu amapereka atatu, ndipo amene watsogola ndi mapointi asanu ndi atatu amapambana nthawi isanathe. Womenya mopitirira muyezo amalangidwa. Pa masewera a Olimpiki ku Tokyo mu 2021, Tareg Hamedi wa ku Saudi Arabia ankatsogola m'ndime yomaliza, koma atagwetsa Sajad Ganjzadeh wa ku Iran ndi mwendo wamphamvu, oyimbira anamuchotsa ndipo golide anapita kwa wogwetsedwayo. Osewera amavalanso magolovesi ofiira kapena abuluu, choteteza mano, zoteteza miyendo ndi choteteza chifuwa, ndipo malamulo a ana ndi okhwima kuposa a akuluakulu.

Pali mbali ina ya mbiri ya Serap imene mwana wanu ayenera kuidziwa, ngakhale ndi yowawa. Karate inalowa m'masewera a Olimpiki koyamba ku Tokyo, ndipo kumeneko magulu a akazi anali atatu okha, moti opepuka anaphatikizidwa m'gulu la makilogalamu 55. Serap, ali ndi zaka 33, anatulukira m'ndime ya magulu, golide n'kupita kwa Ivet Goranova wa ku Bulgaria. Mnzake wa ku Turkey, Merve Çoban, ndiye anabwerera ndi mendulo ya malo achitatu m'gulu la makilogalamu 61, ndipo ife a ku Africa tinanyadira Feryal Abdelaziz wa ku Egypt amene anatenga golide m'gulu la olemerapo. Ku Paris mu 2024 karate sinaikidwenso pa ndandanda, chinthu chimene ine ndimachiona ngati kulakwira osewera amene anakhetsa thukuta zaka zambiri. N'chifukwa chake sindingakulangizeni kuti mwana aike mtima wake wonse pa Olimpiki kapena kuyembekezera kuti karate idzamudyetsa. Sukulu ikhale patsogolo.

Maganizo anga ndi akuti mumulole apitirize, koma inu ndi atate ake mupite limodzi kumene amaphunzirako, mukakhale pansi n'kuonera kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mukaonetsetse ngati mphunzitsi amagawa ana potengera msinkhu ndi kulemera kwawo, ngati amawaletsa kumenyana osavala zodzitetezera, komanso ngati pamakhala munthu wamkulu wamkazi atsikana akamaphunzira. Mukamufunsenso ngati kalabu yake ndi yovomerezeka ndi bungwe loyendetsa karate muno mu Zambia, chifukwa mwana wa kalabu yosalembetsa savomerezedwa kuimira dziko pa mipikisano ya kunja. Mukapeza kuti mtsikana wa makilogalamu 40 akumulimbanitsa ndi anyamata akuluakulu, muchotseni msanga ndipo mumupezere kalabu ina.