Za banjo m'tchalitchi: yankho kwa amayi a ku Tennessee

Amayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri, pamodzi ndi ndemanga zonse zimene zabwera pansi pake. Mwati kutchalitchi kumene mwayamba kupemphera chisamukireni ku Tennessee, ku America, kunabwera anyamata asanu Lamulungu lapitali, wina atakolekera banjo, wina vayolini, wina kagitala kakang'ono kaja amati mandolini, n'kuyamba kuyimba mothamanga mpaka inu mtima unakana, mukumva ngati mwasochera pamalo a dansi. Ndiye mukufunsa ngati nyimbo zoterezi, zimene amati bluegrass, zili zoyenera pa mapemphero. Achimwene ena ayankha kale kuti zimenezo ndi nyimbo za zidakwa. Ena angolemba kuti Salimo 150, basi nkhani yatha. Ine ndinakhalako zaka zinayi kumapiri a Virginia, kufupi ndi malire a Tennessee komweko, ndipo ndinkapemphera ndi eni ake a nyimbozi. Mundilole nditalikitse pang'ono.

Kwa ine n'zoyenera, koma osati zonse, ndipo chimene chimandidetsa nkhawa si banjo ayi.

Tiyambe ndi kumene zinachokera, chifukwa zimamveka ngati zamakedzana pamene si zakale kwenikweni. Amene amatchedwa tate wa nyimbozi ndi Bill Monroe, wobadwa mu 1911 ku Rosine, m'chigawo cha Kentucky. Gulu lake analitcha Blue Grass Boys potengera dzina limene Kentucky amadziwika nalo, la udzu wina womera kumeneko. Mu 1939 anayamba kumveka pa pulogalamu ya pawailesi ya Grand Ole Opry ku Nashville, ndipo kumapeto kwa 1945 m'gululo munalowa mnyamata wina, Earl Scruggs, woliza banjo ndi zala zitatu paliwiro limene anthu anali asanalimvepo. Mayimbidwe amene munamva Lamulungu aja anakhwimira pamenepo. Ndiye kuti anabadwira pawailesi ndi pasiteji. Koma anthu ake anakulira pakati pa zinthu ziwiri: dansi Loweruka usiku, tchalitchi Lamulungu m'mawa. Monroe ali mnyamata ankaperekeza malume ake oliza vayolini kumadansi a m'midzi, komanso ankayimba ndi munthu wina wakuda, katswiri wa gitala, Arnold Shultz. Koma kugawana mawu kuja, wina pamwamba, wina pakati, wina besi, n'kwa m'tchalitchi, kwa m'sukulu zophunzitsa nyimbo za Mulungu zimene zinkayendayenda m'mapirimo.

Tsono apa pali chinthu chimene chingakutonthozeni mtima. Kukana kwa mtima wanu kuja, eni akewo analinso nako. Monroe akafika pa nyimbo yauzimu, banjo ndi vayolini zinkakhala chete. Amuna anayi ankaunjikana pa maikolofoni imodzi, gitala ndi mandolini zikungogwiriziza chapansipansi, ndipo pa zimbale zoterozo ankalemba dzina lina, Blue Grass Quartet. Scruggs mwini wake, atayamba gulu lawo ndi Lester Flatt mu 1948, pa nyimbo zambiri za Mulungu ankatula banjo n'kunyamula gitala. Sanachite kuuzidwa ndi sinodi. Anakulira m'dera limene akuluakulu ena ampingo ankatcha vayolini kuti bokosi la Satana, chifukwa kumene yalira kunkakhala kachasu, ndewu ndi kuvina mpaka mbandakucha. Mpaka lero m'mipingo yambiri ya Primitive Baptist, Old Regular Baptist ndi Churches of Christ salola chida chilichonse pa mapemphero, ngakhale limba. Ralph Stanley, mmodzi mwa akatswiri aakulu a bluegrass, amene anamwalira mu 2016, anakulira pafupi ndi mayimbidwe a Primitive Baptist amenewa, ndipo mphoto ya oyimba ya Grammy imene analandira mu 2002 inali ya nyimbo yonena za imfa imene anayimba yekha, popanda ngakhale waya umodzi kulira.

Mayimbidwe opanda zidawa ndinawamva koyamba pamaliro. Mnzanga wakuntchito anataya agogo ake, ndipo tinakwera nawo kumanda a banja lawo, pamwamba pa kaphiri, kumene galimoto inalephera kufika. Kunali chisanu cholowa m'mafupa. Mkulu wina wovala jekete yothina anatchula mzere woyamba wa nyimbo mofulumira, ngati akuwerenga, anthu onse n'kuulandira, kuukoka pang'onopang'ono, aliyense akupinda mawu m'njira yakeyake, osathamangira kumaliza. Asanapume, mkulu uja watchula kale mzere wina. Ndinangoti kakasi, chifukwa ndimo mmene ankachitira agogo anga kumudzi pamene buku la nyimbo linali limodzi mpingo wonse. Madzulo ake, kunyumba ya siwa, zidzukulu za malemu zinatulutsa gitala, mandolini ndi banjo, n'kuyimba nyimbo zomwe zija. Mkulu wa jekete uja anakhala pakona akugwedeza phazi. Kwa iye panalibe chodabwitsa: kutchalitchi kwake zida sizilowa, koma pakhomo zilire.

Achimwene amene mwati ndi nyimbo za zidakwa, pena mwalasa. M'bluegrass muli nyimbo zambiri za kachasu, za ndende, ndiponso zina zoopsa zosimba mnyamata atapha chibwenzi chake n'kuponya mtembo mumtsinje. Gulu lomwelo limayimba zimenezi kenaka n'kutsekera ndi nyimbo ya mtanda. Koma mukati chida chadetsedwa chifukwa cha kumene chinaliranso, mutsala ndi chiyani m'manja? Kiyibodi imene imalira kutchalitchi kwanu ndi mtundu womwewo umene umalira kumabala. Limba limene ife timaliona ngati linatsika kumwamba, John Calvin, mtsogoleri wakale wa Chiprotestanti, sankafuna kulimva pa mapemphero. Ku Scotland, kumene kunachokera amishoni a Livingstonia mu 1875 ndi a Blantyre mu 1876, limba linayamba kulowa m'matchalitchi a Church of Scotland cha m'ma 1860, ndipo linalowa ndi mikangano. A Free Church of Scotland amene alipo lero anachotsa lamulo loletsa zida mu 2010. Nkhani ya ng'oma m'mipingo yathu nayo mukuidziwa, sindichita kubwereza.

Ndipo pa zida zonse zimene amayi anaziona, banjo ndiye sitiyenera kuiyesa mlendo. Inapangidwa ndi akapolo ochokera kumadzulo kwa Africa, ndi chipanda, chikopa ndi ndodo, potengera zoyimbira za kwawo. Ku Senegal ndi Gambia mpaka pano kuli chida chofanana nayo chotchedwa akonting. Azungu anadzaitenga pambuyo pake, ndipo njira imodzi imene inatchukira inali yochititsa manyazi, ya zisudzo za azungu odzipaka makala kumaso n'kumanyoza anthu akuda. Ife amene tinakula tikumva Alan Namoko pa MBC, tikukhoma tokha mabanjo a zitini za mafuta ndi mawaya a mabuleki a njinga, tikamva chidachi chikulira ku Tennessee tikumva m'bale amene anapita kutali n'kusintha chiyankhulo.

Koma nawonso a Salimo 150 afulumira. Zoona, salimolo likuti timlemekeze ndi lipenga, zeze, lingaka ndi zoyimbira za zingwe. Baibulo lomwelo, pa Amosi 5:23, Mulungu akuuza anthu ake kuti amuchotsere phokoso la nyimbo zawo, sakufuna kumva kulira kwa zoyimbira zawo. Zida zinali zomwezo. Ndiye kungopeza vesi lotchula zingwe sikuthetsa mlandu. Ine muyeso wanga ndimautenga kwa Paulo pa 1 Akorinto 14:26, pamene akuti mukasonkhana, wina ali ndi salimo, wina chiphunzitso, zonse zichitike kuti mpingo umangike. Funso langa pa nyimbo iliyonse m'tchalitchi ndi lakuti, kodi anthu akuyimba nawo, kapena akuonerera?

Apa ndiye pali vuto lenileni la bluegrass, ndipo limachokera m'mapangidwe ake. Ndi nyimbo za akatswiri. Monroe ankakonda kukweza nyimbo m'mwamba kwambiri, kumene mwamuna wamba akayesa kufikako mitsempha ya m'khosi imatuluka. Liwiro lake ndi la mpikisano. Ndipo pakati pa ndime iliyonse, woliza chida mmodzi amayandikira maikolofoni n'kuonetsa luso lake payekha, kenaka n'kupatsira mnzake, banjo, mandolini, vayolini, motsatizana. Pa chikondwerero cha nyimbo zimenezi n'zokoma zedi, ndipo mwambo wake ndi wakuti aliyense akamaliza gawo lake anthu amawomba m'manja. Tsono mwambowo umalowa nawo m'tchalitchi.

Ndinazionera ndekha Lamulungu lina pamene mpingo wathu unaitana gulu lochokera kutali. Anali odziwa ntchito, sindinama. Nyimbo inali ya m'buku, yoti aliyense amaidziwa pamtima. Pambali panga panakhala gogo wina wamkazi amene sankaphonya ndime, mawu ake onjenjemera koma osasochera. Anatsegula buku, anayamba nawo mzere woyamba, koma anapeza kuti nyimbo yakwera kumene iye sangafike. Anayesa kutsikira pansi, liwiro linamusiya. Ndime itatha, wa banjo analowa, zala zikuchita kuthwanima, anthu m'manja phwaphwaphwa. Gogo uja anadikira kuti ndime yachiwiri iyambe, koma kunabwera wa vayolini. Ndinamuona akutseka buku mwakachetechete, kuliika pamiyendo, n'kupinda manja pamwamba pake. Sanakwiye. Pomaliza anawomba nawo m'manja mwaulemu. Koma tsiku limenelo gogoyo sanayimbire Mulungu wake, anaonerera anyamata.

Lachitatu lotsatira, pa mapemphero a madzulo, zida zinali zomwezo koma m'manja mwa anthu a mumpingo momwemo: bambo wina wokonza mathirakitala pa gitala, mwana wake wamkazi pa mandolini, ndi mnyamata wa sekondale amene banjo yake inkangodontha pang'onopang'ono kumbuyo ngati mvula yoyamba padenga la malata. Anafunsa kaye gogo uja kuti ayambitse yekha pamene mawu ake akukhala bwino, iwo n'kumutsatira. Tchalitchi chonse chinayimba, ngakhale ine ndi Chingerezi changa cha ku Ntcheu. Zonse ziwirizi munthu akhoza kuzitcha bluegrass. Imodzi yokha ndi imene ndingaivomere Lamulungu lililonse.

Chinanso choti mutchere khutu, amayi, ndi mawu. Nyimbo zauzimu za bluegrass zadzaza ndi mayi amene anamwalira, kanyumba kamitengo kamene kanatsala bwinja, kamtchalitchi ka m'chigwa, ndi tsiku lokakumana kutsidya la mtsinje. Chifukwa chake n'chomveka. Anthuwa ankafera m'migodi ya malasha, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, miyandamiyanda anasiya mapiri kukafuna ntchito m'mafakitale a ku Detroit, Dayton, Cincinnati ndi Baltimore. Nyimbozi ndi za matchona opukwa kwawo. Inu ndi ine amene tinaikapo kholo pa foni, tikuonera maliro pa WhatsApp, sitichita kufotokozeredwa. Pamaliro, sindidziwa nyimbo za Chingerezi zogwira mtima kuposa zimenezi. Koma nyimbo imodzi sachezera gule. Zina mwa izo mukazimvetsera bwino mupeza kuti kumwamba akukufunira kukaona amayi, Yesu akungotchulidwa podutsa. Zonena za mnansi wako wa lero, za chilungamo, za mmene Mkhristu akhalire Lolemba kuntchito, n'zochepa. Zilipo zina zolalikira kulapa ndi mtanda mosapsatira, ndipo zimenezo ndi zolimba ngati za m'buku lathu lija. Ntchito ya abusa ndi akulu ampingo ndi kusankha, monga amayenera kuchitira ndi makolasi athu amene ena mawu ake ndi mzere umodzi wobwereza maminiti 20.

Pa za inuyo panokha, sindingakuuzeni kuti mukakamize mtima. Aroma 14 amanena momveka kuti chimene wina akuchita ndi chikhulupiriro, mnzake chikhoza kumupunthwitsa, ndipo palibe woyenera kunyoza mnzake. Komabe musasamuke mpingo chifukwa cha Lamulungu limodzi. Khutu limazolowera, ndipo nthawi zambiri chimene timachitcha kusayenera chimangokhala chilendo. Muli kunyumba, fufuzani pa YouTube gulu la Doyle Lawson & Quicksilver, limene linayamba mu 1979, makamaka nyimbo zimene amayimba anayi popanda zida. Mumverenso a Lewis Family a ku Georgia, amene banjo yawo sinkapuma ngakhale pa nyimbo za Mulungu, kuti muone mbali inayo n'kudziweruzira nokha. Mufunsenso abusa anu ngati anyamata aja anali alendo a tsiku limodzi kapena ndiwo atsogoleri a nyimbo a sabata ndi sabata, chifukwa pamenepo pali kusiyana kwakukulu. Mlendo akabwera kudzayimba nyimbo ziwiri zapadera, mulekeni athamange, ndi mphatso yake. Koma ngati ndi amene azitsogolera mpingo, pali poyambira kukambirana: atsitse nyimbo, achepetse liwiro, ndipo zoonetsa luso zija azisungire Loweruka.

Akadzabweranso, mukhale pafupi ndi agogo a mumpingomo, muone ngati mabuku awo ali otsegula. Mudzatiuze muno. Achimwene a zidakwa aja, ndakutumizirani nyimbo ziwiri ku inbox, mumvere kaye musanandiyankhe.